Amisiri a mafiriji pa Namitambo

Pa Namitambo, m'boma la Chiradzulu, firiji ndi mpamba. Mayi wogulitsa thobwa la m'mabotolo, mwini golosale amene makasitomala ake sakhudza chakumwa chofunda, bambo wogulitsa nyama amene mwendo wa mbuzi wamutsalira dzuwa litalowa, onsewa phindu lawo limagona m'firiji usiku wonse. Ikangosiya kuzizira, thobwa limasasa, nyama imayamba kamfungo, ndipo foni ya mmisiri imalira m'mamawa.

Amisiriwo ndi owerengeka. Ena ali ndi kashopu komwe amakonzanso maketulo, masitovu ndi zositira, poti mafiriji okha sangadyetse banja mwezi wathunthu. Ena amachita kuitanidwa kuchokera ku Limbe, n'kufika pa kabaza atakumbatira chikwama cha zida: mita yoyezera magetsi, mageji, kabotolo ka gasi ndi chowotcherera mapaipi. Ambiri ntchitoyi anaiphunzira ponyamulira mmisiri wina chikwama kwa zaka, ena anaitola ku Joni, ndipo ochepa ndiwo ali ndi mapepala a bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Kusowa pepala si kusowa luso, koma mafiriji a masiku ano akufuna zambiri kuposa dzanja lozolowera.

Mafiriji ambiri a kuno ndi a Defy, KIC kapena Hisense. Ena anagulidwa ku Limbe ndi ku Blantyre, ena anatumizidwa ndi ana ndi abale ogwira ntchito ku South Africa, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Firiji ikayenda ulendo woterowo chogona, mafuta a mu kompuresa amalowerera m'mapaipi. Mmisiri wodziwa amauza mwiniwake kuti aiimike kaye kwa maola angapo, ngakhale tsiku lonse, asanaiyatse. Koma banja limene layembekezera katundu wake kwa miyezi limavutika kudikira, ndipo ena amaivulaza tsiku lomwe yafika.

Imene yatchuka tsopano ndi ija youmitsira pansi, ya madirowa m'munsi. Amayi amaikonda chifukwa ndiwo zamasamba, mkaka ndi madzi akumwa zimakhala pamwamba, osachita kuwerama. Mtunduwu ulipo pawiri. Ina imaunda madzi m'mashelufu a pansi ndipo imafuna kuithimitsa nthawi ndi nthawi kuti asungunuke. Ina imadzisungunulira yokha, ndipo iyi ndiyo imayesa mmisiri. M'yambiri yotere mapaipi ozizira amabisika kuseri kwa chivundikiro cha m'munsimo, ndipo kafani ndiko kamakankha mpweya wozizira kuti ukwere kumtunda kudzera m'kanjira kopapatiza. Pakapita maola angapo kahita kamayaka n'kusungunula madzi oundana pamapaipiwo, madziwo n'kutsikira m'kabowo kupita m'mbale ya pamwamba pa kompuresa, komwe amauma ndi kutentha.

Dandaulo lake silisintha: "Amisiri, pansi pakuuma bwinobwino koma pamwamba pafunda." Mmisiri weniweni sathamangira geji. Amayamba n'kufunsa: "Mayi, zayamba liti? Magetsi anathima kangati sabata ino?" Kenako amatsegula chitseko cha pansi, n'kudina kabatani ka pachitseko ngati kalipo, kutchera khutu kuti amve ngati fani ikuzungulira. Amatulutsa madirowa, n'kumasula chivundikiro mosamala poti pulasitiki yozizira sichedwa kuthyoka. Akapeza mapaipi akutidwa ndi madzi oundana mpaka fani yakanirira, amadziwa kuti gasi alimo wokwanira. Chafa ndi hita, kapena kachipangizo koyeza kuzizira, kapena bolodi yolamulira zonsezi, ndipo amaziyeza ndi mita chimodzichimodzi. Akapeza madzi oundana pansi pa dirowa yomaliza, ndiye kuti kabowo kaja katsekeka, ndipo madzi ofunda ndi kawaya kofewa zimathetsa nkhani.

Apa ndi pomwe ntchitoyi imaonongekera mbiri. Mawu akuti "gasi watha" amatuluka msanga pakamwa pa amisiri ena, chifukwa kuthira gasi kumalipiritsa bwino ndipo mwini firiji sangatsutse. Koma gasi wa m'firiji satha ngati mayunitsi a magetsi. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka zaka ndi zaka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake paboola. Kuthira wina usanapeze bowolo ndi thovu la sopo n'kuliwotcherera, ndiko kumudyera mayi uja ndalama zake, pakuti pakangotha milungu ingapo firiji ifundanso. Kawirikawiri bowolo amaboola ndi mwini yemwe, pogoba madzi oundana ndi mpeni. Ine ndimaona kuti eni mafirijinso ali ndi mbali yawo: amakana kulipira mmisiri amene wangoyeza n'kusintha kanthu kakang'ono, koma amatulutsa ndalama mosanyinyirika akaona botolo la gasi. Tikamatero timaphunzitsa amisiri athu kunama.

Gasiyonso wasintha. Mafiriji akale ankayendera R12, amene anathetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa ankaononga mpweya wa kumwamba wotiteteza ku ukali wa dzuwa. Kenako kunabwera R134a, ndipo atsopano ambiri akuyendera R600a. Uyu amayaka moto, ndipo amathiridwa wochepa kwambiri, wochita kupima magalamu monga alembera pakapepala ka m'firijimo. Amene anazolowera kuthira mongoyerekeza n'kuyatsa chowotcherera m'kachipinda kopanda zenera akuika moyo wake pachiswe. N'chifukwa chake maphunziro owonjezera akufunika kwa amisiri a m'maboma ngati kuno, osati a m'tauni okha.

Chimene chimapha mafiriji ambiri ndi magetsi. Magetsi amene ESCOM imagawa amachokera makamaka kwa EGENCO, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira mumtsinje wa Shire. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa maola ambiri kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo mbali youmitsira ikakhala yodzaza imapirira mpaka masiku 2. Choopsa ndi kabweredwe ka magetsiwo. Akabwera ofooka, kapena akathima n'kuyaka pompopompo, kompuresa imalephera kudzuka, imangolira kuti "thi" n'kukhala chete, kenako "thi" kachiwiri. Nthawi zambiri chapsa ndi kachipangizo kodzutsira, kotchipa, komangika pambali pa kompuresayo. Koma ikasiyidwa ikulira choncho kwa masiku, kompuresa imapsa, ndipo mtengo wake umayandikira wa firiji yogwiritsidwapo kale ntchito. Amisiri achilungamo amalimbikitsa aliyense kugula kachipangizo koteteza kamene kamachedwetsa magetsi kwa mphindi zingapo asanalowe.

Zina n'zoti mwini atha kuchita yekha. Firiji italikirane ndi khoma komanso mbaula, fumbi la kumbuyo lipukutidwe, makamaka m'chilimwe. Labala wa pachitseko amayesedwa potsekerapo pepala: likasololoka mosavuta, kuzizira kukuthawira pomwepo. Thobwa lizizire kaye lisanalowe. Mphemvu zimakonda kufunda kwa pabolodi ndipo makoswe amadula mawaya, motero kusesa kuseri n'kofunika.

Luso lomweli ndi limene limafunika pa matanki oziziritsira mkaka wa alimi a ng'ombe a m'Chiradzulu, ndi pa mafiriji a katemera m'zipatala, amene ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Komabe mmisiri wa pa Namitambo amatha tsiku lonse pa kahita kamodzi: kuyeza m'mawa, kupita ku Limbe kukasaka kofanana nako, kubwerera madzulo mwina chimanjamanja. Zikatero amachotsa ka m'firiji yakufa imene anaisunga kuseri kwa shopu. Thiransipoti ya ulendowo imachoka m'thumba mwake, ndipo malipiro ake nthawi zambiri amadikira kuti mayi uja agulitse kaye thobwa la sabata yamawa.