Kukumbukira Ntchembere za Eklezia ku Mangochi

Ntchembere ikamwalira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, wansembe amabwera, nachita mwambo wa maliro, nalalika za kuuka kwa akufa. M'kaundula wa parishi mumangolembedwa dzina, tsiku ndi malo a manda. Tsono tifunse: kodi Eklezia amkumbukire bwanji mayi amene anasunga chikhulupiriro pa banja lake moyo wake wonse, korona ndi singano zosachoka m'manja?

Mbiri ya Eklezia kuno timaidziwa ndi maina a amishoni ndi zaka zawo. A White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889, nachokako mu 1891. A Montfort anayamba ntchito ku Nzama mu 1901, ndipo asisteri a Daughters of Wisdom anawatsatira mu 1904. Chigawo cha Fort Johnston chinapatulidwa ku Dayosizi ya Zomba mu 1969, ndipo mu 1973 chinasanduka Dayosizi ya Mangochi, Ambuye Alessandro Assolari ali Episkopi woyamba. Zonsezi nzoona, koma sizitiuza amene ankaphunzitsa ana chizindikiro cha mtanda pa miyezi imene wansembe sanali kuoneka m'mudzi.

Yankho lake lili m'chikhalidwe chathu. Ayao ndi Anyanja a dera lino amatsata chikamwini: mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ana amawerengedwa ku bere la mayi. Abambo ambiri ankatha zaka ku migodi ya ku Joni kapena ku Halale, ena ankagona pa nyanja ndi makoka. Wotsala pakhomo anali mayi ndi agogo aakazi. Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri unaphunzitsa mu 1964 kuti banja lili ngati Eklezia wa m'nyumba. Kwathu kuno, mphunzitsi wa m'nyumbamo kawirikawiri anali ntchembere.

Singano yake tisaiyese chinthu chachabe. Mayi wotere ndiye ankapeta nsalu ya pa guwa, kusoka kansalu koyera ka ubatizo, kulukira khanda chipewa, ndi kuika chigamba pa yunifolomu ya mwana wamasiye, osayamba wafunsa ngati mwanayo ndi Mkhristu kapena Msilamu. Pa dera limene zipembedzo ziwirizi zimatunga madzi pa doko limodzi, ulaliki wotere umafika pamene mawu athu safika. Pamene Aepiskopi a AMECEA anasankha njira ya miphakati mu 1973 ndi 1976, anapeza amayi otere akuyendera kale odwala, kuphika pa maliro ndi kugona ku siwa.

Malembo Oyera atipatsa chitsanzo m'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 9. Ku Yopa, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kunamwalira Tabita, wophunzira wodziwika ndi ntchito zachifundo. Petulo atafika, amayi amasiye anamzinga akulira, namuonetsa zovala zimene Tabita anasoka akali moyo. Umboni wawo unali zovalazo, ndipo Petulo anayamba wauona asanagwade kupemphera. Chitsanzo china ndi Monika woyera, mayi wa Augustino, nkhoswe ya tchalitchi chachikulu cha Mangochi. Pomwalira ku Ostia m'chaka cha 387, sanavutike ndi za malo a manda ake; anangopempha ana ake kuti azimkumbukira pa guwa la Ambuye.

Zitsanzo ziwirizi zitiphunzitsa kuti kukumbukira kwachikhristu kuli pawiri: kuona ntchito za womwalirayo ndi kumpempherera pa Misa. Kungomtamanda osampempherera ndiko kuiwala kuti nayenso afuna chifundo cha Mulungu. Kumpempherera osadziwa moyo wake ndiko kumana otsala chitsanzo chimene Mulungu anawapatsa pa khomo pawo pomwe.

Kotero, abale athu ansembe ndi aseminale, tipemphe zinthu zitatu. Choyamba, tisanalalike pa maliro, tikhale pansi ndi amayi a ku siwa, timve zimene malemu ankachita. Chachiwiri, banja likamakonza sadaka kapena kumanga chiliza, tisayambe ndi kudzudzula; tilithandize kuika nsembe ya Misa patsogolo, ndi kukumbukira amphawi amene malemu ankawaveka. Chachitatu, aseminale popita ku tchuthi achezere ntchembere zimene zikali moyo, alembe zimene zikukumbukira, pakuti mbiri imeneyi ikupita kumanda tsiku ndi tsiku.

Ambirife tinaphunzira kupemphera pa miyendo ya amayi otere, ndipo ena a ife tinalowa ku seminale ndi malaya osokedwa ndi manja awo. Ngongole imeneyo tiibweze pa guwa, powatchula maina pamaso pa Ambuye amene anamtumikira.