Makina otaipira a agogo: musafulumire kuwapaka utoto

Pokonza katundu wa malemu amene anagwirapo ntchito ku Administração, ku misheni kapena m'loja, abale nthawi zina amapeza kabokosi kolemera kokhala ndi chogwirira. M'katimo mumakhala makina otaipira, aja Apwitikizi amati máquina de escrever. Ambiri amangowapereka kwa ogula zitsulo zakale pa mtengo wa kilo. Ena amawapaka utoto wa njinga kuti aoneke atsopano. Onsewa amaluza.

Maiko akunja kuli anthu amene amasonkhanitsa makinawa. M'chaka cha 2009, Olivetti Lettera 32 ya mlembi wa mabuku wa ku America, Cormac McCarthy, inagulitsidwa ku New York pa madola 254,500, chonsecho mwini wake anaigula ndi madola 50 okha. Mtengowo unakwera chifukwa cha dzina la munthuyo, choncho pasapezeke wolota ndalama zotere pa makina a agogo ake. Komabe wogula wodziwa amafunsa zinthu ziwiri. Makinawa ndi a mtundu wanji? Nanga utoto wake ndi womwe anachoka nawo ku fakitale?

Yambani ndi zilembo. Ngati mzere wapamwamba ukuyamba ndi H, C, E, S, A, R, makinawo anapangidwira Portugal ndi maiko amene ankawalamulira. Boma la Salazar ndi limene linakhazikitsa ndondomekoyi mwa lamulo m'chaka cha 1937, ndipo fakitale ya Messa ku Mem Martins, kufupi ndi Sintra, inapanga ambiri otere. Musadabwe mukasowa ziro ndi wani: otaipa ankamenya O wamkulu ndi l wamng'ono. 

Pa utoto ndi pamene pali nkhani. Lettera 22, yojambulidwa ndi Marcello Nizzoli, inatuluka mu 1950, ndipo zoyambirira zinali zotuwa ngati dothi louma. Za buluu ndi zobiriwira zinabwera pambuyo. Lettera 32 ya mu 1963 ili pakati pa buluu ndi girini, mtundu woti anthu awiri akhoza kukangana nawo tsiku lonse. Hermes 3000 ya ku Switzerland, yoyamba mu 1958, ndi yobiriwira motuwa, mabatani ake omwe. Valentine ya Ettore Sottsass, ya mu 1969, ndi yapulasitiki yofiira psu, koma zilipo zochepa zoyera, zobiriwira ndi za buluu zimene osonkhanitsa amazisaka kwambiri.

Vuto ndi lakuti dzuwa, utsi wa nkhuni ndi wa fodya zimasintha mtundu. Makina a buluu atakhala zaka 40 pafupi ndi moto amaoneka achikasu. Kuti mudziwe mtundu weniweni, chotsani chivindikiro cha pamwamba pa riboni muone kuseri kwake, kenaka mutembenuze makinawo muone pansi, kumene dzuwa silinafikeko. Mukapeza utoto pa masikuluwu, pa miyendo ya labala kapena pa dzina la kampani, dziwani kuti wina anapakapo kale. Wa ku fakitale sufika m'malo amenewo, popeza zigawozo zinkapakidwa zisanalumikizidwe.

Nambala ya makina imadindidwa pa chitsulo cha m'kati. Pa ma Olivetti ambiri imaoneka mukakankhira kumbali mbali ija yonyamula pepala. Nambala imeneyi ndi imene imathandiza kupeza chaka, pomwe kachikwangwani kakumbuyo kamatchula kumene anapangidwa: Ivrea, Glasgow kapena Barcelona.

Potsuka, kansalu konyowa pang'ono ndi sopo wochepa ndi zokwanira. Petulo ndi thina zimadya utoto ndi kufafaniza zilembo za pa mabatani. Mafuta ophikira, amene ena amathira kuti zitsulo zifewe, amagwira fumbi mpaka zilembo kumamatirana. Kabokosi kake musakataye ngakhale zipi itafa, chifukwa wogula amakafunsa.