Kukonzekeretsa Ana Kupeza Mabwenzi pa Sukulu za Anyamata Okha Kapena Atsikana Okha

Ena mwa ana amene mudzawaphunzitsa m'kalasi yotsiriza ya pulaimale adzasankhidwa kupita ku sukulu za sekondale zosasakaniza anyamata ndi atsikana. M'cigawo ca Kum'mawa, sukulu zotere ndi monga Chizongwe ndi Chassa za anyamata, ndi St. Monica's ya atsikana. Luso lopanga ubwenzi limene adzalifuna kumeneko ayenera kuliphunzira ali m'manja mwanu, pakuti m'mera mpoyamba.

Mabvuto awiri

Loyamba ndi kusungulumwa. Mwana wofika pa sukulu yogonera komweko wasiya makolo ndi anzake a kumudzi. Ngati sadziwa kupereka moni ndi kuyamba nkhani, amadya yekha, ndipo ana a makalasi apamwamba sacedwa kumsandutsa kapolo wao.

Laciwiri limabwera pang'onopang'ono. Mnyamata amene sanacezepo ndi atsikana kwa miyezi yambiri amacita nao manyazi, kapena amabisa manyaziwo ndi cipongwe. Mtsikana nayenso angayambe kuopa mnyamata aliyense, kapena kukhulupirira msanga woyamba kumlankhula mau okoma.

Kumene ubwenzi umayambira

Auzeni ana kuti mabwenzi amapezeka pa nchito yocitira pamodzi: posesa m'nyumba yogonamo, pothirira dimba la sukulu, pa bwalo la mpira, m'kwaya ndi m'magulu monga la JETS, la mtsutso ndi la masewero. Magulu amenewa ndiwo amakumananso ndi sukulu zina pa mipikisano. Pamenepo mnyamata amaona mtsikana akumgonjetsa pa mtsutso, naphunzira kumlemekeza cifukwa ca nzeru zace.

Zocita pa phunziro la kulankhula

1. Gawani ana m'magulu a anyamata ndi atsikana pamodzi, ndipo utsogoleri uzisinthana. Musalole mtsikana kukhala mlembi masiku onse.

2. Acite kasewero ka malonje. Mmodzi akhale mlendo wongofika ndi katundu wace, wina amlandire, amfunse dzina ndi kwao, namuonetsa pogona.

3. Aphunzitseni mau okanira. Mwana adziwe kunena kuti, “Pepani, zimenezo sindifuna,” mosatukwana komanso mosanjenjemera, ndipo adziwe mphunzitsi amene angamuuze ngati wina akumkakamiza.

4. Alembe kalata kwa mlongo wao yofotokoza za bwenzi latsopano ndi cimene analisankhira.

Poyesa nchitoyi musayang'ane mau okha ai. Onani ngati mwana wamanyazi walankhula, ndiponso ngati wolongolola wamvetsera mnzace mpaka atatsiriza.

Funso lokambirana

Kumbukirani sabata lanu loyamba ku sekondale. Ndani anayamba kukulankhulani, ndipo ananena ciani? Nanga mau amenewo mungawaphunzitse bwanji kwa ana anu?