Woweruza Asakhale ndi Ngongole kwa Munthu

M'mwezi wa Disembala 1994 panalibe amene akanaganiza kuti patapita zaka 30 Aphungu adzakhalanso pansi kukambirana za oweruza milandu, popeza chaka chimenecho tinayesa kuti nkhaniyo tamaliza. Koma m'Disembala 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza mabilu atatu okhudza makhoti, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anawasaina m'Januwale 2025. Chinafulumiza ntchitoyi chinali mkokomo wa madandaulo akuti ena mwa oweruza amalandira ziphuphu. Malamulowo anakonza njira yoti munthu akadandaule ngati woweruza wachita zosayenera, ndipo pamenepo Aphungu anachita bwino. Funso lathu lili pa khomo limene woweruzayo amalowera.

Munthu wa kwa Mponda angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji, iye amene ntchito yake ndi ukonde ndi bwato. Zimamukhudza tsiku limene malo a makolo ake m'mbali mwa nyanja apezeka kuti agulitsidwa kwa mwini chuma wofuna kumangapo nyumba yopumulirako alendo. Mlandu wotero ukakula umachoka ku Mangochi kupita ku Bwalo Lalikulu ku Zomba, ndipo kumeneko msodziyo amaima pamaso pa munthu amene sanamuonepo, amenenso sadziwa kuti anafika bwanji pa mpandowo.

Mbiri yathu ikutiphunzitsa kuti boma lililonse limafuna woweruza womvera. M'chaka cha 1969, anthu ali ndi mantha chifukwa cha kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, Nyumba ya Malamulo inapatsa makhoti a miyambo mphamvu yozenga milandu yakupha. Oweruza anayi achingerezi a Bwalo Lalikulu anatula pansi maudindo awo posagwirizana ndi zimenezi. M'makhoti a miyambowo loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo okhala pa mpando, ambiri mwa iwo mafumu, ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi boma. Kumeneko ndi kumene a Albert Muwalo anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1977, ndiponso a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa mu 1983. Sitikunyoza nzeru za mafumu athu ayi. Cholakwika chinali chakuti amene ankaika woweruza ndi yemweyo amene ankaimba mlandu.

N'chifukwa chake Malamulo Aakulu a 1994 anagawa mphamvuyi. Mkulu wa oweruza amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma sakhala pa mpando mpaka magawo awiri mwa atatu a Aphungu ovota atamuvomereza. Oweruza ena onse amaikidwa ndi Pulezidenti potsatira maina ochokera ku bungwe la Judicial Service Commission. Pa pepala zinaoneka zolongosoka. Koma monga bungwelo linakonzedwera mu 1994, linali la anthu asanu, ndipo atatu mwa iwo, woweruza, loya ndi majisitireti, ankatchulidwa ndi Pulezidenti yemweyo atafunsa mkulu wa oweruza. Amene amasankha osankha ali ndi dzanja lalitali, ngakhale dzanjalo lisaoneke.

Aphungu nawonso si angelo. M'Novembala 2001 Nyumba ya Malamulo inavota kuti oweruza atatu, a Dunstain Mwaungulu, a George Chimasula Phiri ndi a Anaclet Chipeta, achotsedwe, ndipo anthu ambiri anaona kuti chifukwa chenicheni chinali zigamulo zimene sizinakondweretse chipani cholamula. Pomaliza oweruzawo sanachotsedwe. Mu Juni 2020, patangopita miyezi inayi kuchokera pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, boma linayesa kutumiza mkulu wa oweruza, a Andrew Nyirenda, ku tchuthi chokakamiza, koma Bwalo Lalikulu linaletsa. Choncho kulanda mphamvu kwa Pulezidenti n'kuipereka yonse kwa Aphungu kungakhale kuchotsa mbuzi m'kamwa mwa fisi n'kuipereka kwa kambuku.

Anthu a kwa Mponda amadziwa mmene mfumu imapezekera. Ufumu wa Ayao umatsata kuchikazi, ndipo mpando ukakhala wopanda munthu mbumba imakhala pansi, amayi akuluakulu amene anamuona mwanayo akukula amanena za khalidwe lake, ndipo boma limabwera pambuyo kudzavomereza. Mikangano imakhalapo, nthawi zina mpaka kukafika kukhoti, koma palibe mfumu imene imagwa kuchokera kumwamba anthu osaidziwa. Woweruza wa Bwalo Lalikulu ali ndi mphamvu yoposa ya mfumu, pakuti angathe kulanda munthu malo kapena kumutsekera moyo wake wonse, komabe dzina lake ambiri amalimva koyamba pa wailesi tsiku limene walumbira.

Ife tikuona kuti Aphungu atsirize ntchito imene anayamba. Maina a onse ofuna kukhala oweruza azilengezedwa nthawi isanathe, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, kuti amene akudziwa kanthu akanene. Mafunso aziwafunsa poyera, monga zimachitikira ku South Africa ndi ku Kenya, kumene anthu amaonera pa kanema. Bungwelo likapereka maina lizinenanso zifukwa zake, ndipo Pulezidenti akakana dzina azilemba chifukwa. Akuluakulu amati mlandu suwola; loya amene anadya ndalama za mkazi wamasiye zaka 10 zapitazo ayenera kukumana ndi mbiri yakeyo asanavale mkanjo wofiira.

Ena akuti kufunsa anthu olemekezeka pagulu kudzathawitsa akatswiri. Mwina ena adzathawadi. Koma msodzi wa pa Nyanja ya Malombe akapita ku Zomba amafunsidwa pagulu za malire a munda wa agogo ake, ndipo palibe amene amamufunsa ngati akuchita manyazi.