Chilankhulo cha amayi chinapambana pakhomo, koma ku ofesi nkhani ndi ina

Mwana akayamba kuphunzira Chipwitikizi pa sukulu ya ku Ulongué kapena ku Dómuè, chimodzi mwa zinthu zoyamba kumusokoneza ndi kuthokoza. Mnyamata amati obrigado, mtsikana amati obrigada. Ponena za munthu wina, mwamuna ndi ele, mkazi ndi ela. M'Chichewa, chomwe kuno ku Mozambique chimalembedwa m'mabuku kuti Chinyanja, mulibe zimenezo. "Zikomo" ndi wa aliyense, ndipo "iye" akhoza kukhala agogo aamuna kapena kamtsikana ka m'manja.

Pakumva izi munthu angaganize kuti Chichewa sichisiyanitsa amuna ndi akazi. Chimasiyanitsa ndithu, kungoti chimatero pena. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa: wina ndi wochita, wina wochitidwa, pomwe Chipwitikizi chili ndi liwu limodzi la casar kwa onse awiri. Pa mfunda, mwamuna ndi a Phiri, mlongo wake ndi Naphiri.

Akatswiri a zilankhulo anayamba kufufuza nkhaniyi mwakhama m'zaka za m'ma 1970, makamaka Robin Lakoff wa ku America atatulutsa buku lake lotchedwa Language and Woman's Place mu 1975. Atayerekeza mitundu yosiyanasiyana, anaona kuti palibe kalankhulidwe kamodzi ka akazi pa dziko lonse. Kusiyana kumatsata ukwati, malo ndi maulendo: ndani wasamukira kwa mnzake, ndani ali ndi munda, ndani amayenda.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Axhosa ndi Azulu ku South Africa. Kumeneko kuli mwambo wa hlonipha, woti mkazi wokwatiwa asatchule dzina la apongozi ake aamuna, ngakhale mawu ena ofanana nalo m'kamvekedwe. Amachita kupeza mawu ena olowa m'malo. Mtolo umenewu uli pa mkazi chifukwa ndiye mlendo pamudzipo. M'midzi ya chikamwini zinthu zimatembenuka. Mlendo ndi mwamuna, ndipo ndiye amapatuka m'njira akaona apongozi ake aakazi, nalankhula motsitsa mawu pamene malume a mkazi wake ali pabwalo.

Koma umboni waukulu uli kuno konkuno ku Angónia, m'dzina lenileni la bomali. Angoni a kwa Maseko anachokera kumwera akulankhula chilankhulo chachibale ndi Chizulu, ndipo atayenda zaka zambiri anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Anali ndi zishango, ng'ombe ndi ufumu. Komabe lero zidzukulu zawo, kuno ndi kutsidya ku Ntcheu ndi Dedza, zimalankhula Chichewa, ndipo Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'maudindo monga Inkosi. Chimodzi mwa zifukwa zomwe olemba mbiri amatchula n'chakuti ankhondowo anakwatira akazi a mitundu yomwe anaigonjetsa. Mwana amaphunzira kulankhula ali kumbuyo kwa amake, kumtondo ndi kudambo, osati pabwalo la milandu. Amuna anapambana nkhondo, koma chilankhulo cha mudzi anachisankha ndi amayi, popanda msonkhano uliwonse.

Akazi satsalira ku chilankhulo cha makolo nthawi zonse ayi. Susan Gal anafufuza m'tauni ya Oberwart ku Austria, komwe alimi ankalankhula Chihangare, nalemba mu 1978 kuti atsikana ndiwo ankatsogola kusinthira ku Chijeremani. Sankafuna moyo wa khasu, ndipo ankasankha kukwatiwa ndi amuna apantchito. Amene aona phindu m'chilankhulo chatsopano, ndipo njira yochiphunzirira ilipo, ndiye amachitenga.

Kuno njirayo inatsegukira amuna poyamba. Akuluakulu amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo ulendowo ndiwo unkawapatsa zilankhulo: migodi ya ku Joni, minda ya azungu ku Rhodesia, usilikali, ntchito mumzinda wa Tete. Ndalama za sukulu zikachepa, wotsala pakhomo ankakhala mtsikana. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti m'dziko lonse la Mozambique amayi pafupifupi 49 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, pomwe kwa abambo anali 27 pa 100. Popeza Chipwitikizi anthu akumudzi amachipeza makamaka m'kalasi, wosapita ku sukulu amachiphonyanso.

Apa m'pamene nkhani ya mawu imasanduka nkhani ya munda. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004 amati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo, amalemekeza zilankhulo za makolo, koma amaika Chipwitikizi kukhala chilankhulo cha boma. Mapepala a DUAT, mgwirizano wa mlimi ndi kampani ya fodya, kalata ya kuchipatala, zonsezi zimabwera m'Chipwitikizi. Mayi amene amabwereza malonda a mbatata ya kachewere pa Calómuè, akuwerengera makwacha ndi mametikali pamtima osaphonya, akafika pa tebulo la ofesi amasanduka wosalankhula, n'kumadikira mwamuna wake kapena mwana wake amumasulire. Womasulira akadumpha mawu, iye sadziwa. Si kuti nzeru zachepa, chavuta ndi chilankhulo.

Ambiri sadziwa kuti Lamulo la Malo la mu 1997 linasiya khomo lotseguka. Limati mwamuna kapena mkazi akhoza kukhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, kuti kusowa pepala sikuchotsa ufulu wa amene anapeza malowo mwa mwambo, ndiponso kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka. M'midzi yomwe minda imatsata mbumba, odziwa bwino malire nthawi zambiri ndi amayi achikulire. Msonkhano wofunsa anthu za malo ukachitika m'Chipwitikizi, amuna ali pamipando kutsogolo ndipo amayi ali pansi kumbuyo, mboni zenizeni zimabwerera kunyumba zisanatsegule pakamwa.

Ku sukulu nako kunayesedwapo kanthu. Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi m'sukulu zina za chigawo cha Tete, komanso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Carol Benson, mmodzi mwa omwe anaiunika, analemba pambuyo pake kuti kuyamba ndi chilankhulo cha pakhomo kumathandiza kwambiri atsikana, omwe kawirikawiri samva Chipwitikizi kwina kulikonse kunja kwa kalasi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ngakhale kuti sanafike pa sukulu iliyonse, ndipo makolo akhoza kufunsa aphunzitsi aakulu ngati sukulu ya mwana wawo ili nawo.