Olumala Nawonso ndi a Mumpingo

M'midzi yambiri belu la tchalitchi likalira Lamulungu m'mawa, anthu amanyamuka kukapemphera, koma ena amatsala pakhomo. Kawirikawiri otsalawo ndi akhungu, ogontha, opunduka miyendo ndi odwala khunyu. Iwowa satsala chifukwa chokana Mulungu ai. Amatsala chifukwa njira yatalika, pakhomo la tchalitchi pali masitepe, kapena anthu amawayang'anitsitsa ndi kuwanena.

Anthu otere si ochepa. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa anthu 10 alionse a zaka 5 kapena kuposa, mmodzi ali ndi ulumali. Motero mpingo wa anthu 200 umene mulibe wolumala ndi mmodzi yemwe uyenera kudzifunsa kumene anthu akewo ali.

Ena amati kulumala ndi chilango cha machimo, ena amati ndi ufiti. Zimenezi si zoona. Kulumala kumadza ndi matenda monga poliyo, chikuku ndi malungo aakulu, ndiponso ndi ngozi kapena zovuta pobadwa. Khunyu silipatsirana, ndipo kuchipatala kuli mankhwala ake. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, ndipo Iye anawayankha kuti sanachimwe mwiniwake kapena makolo ake.

Mipingo inachita kale nchito yaikulu pa zimenezi. Kuli sukulu ya ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu, ndi sukulu za ana osamva ku Nguludi, ku Mua ndi ku Embangweni. Koma mwana akatha sukulu amabwerera kwao, ndipo mpingo wa kumudzi ndiwo uyenera kumlandira. Nazi njira zosafuna ndalama zambiri:

1. Pakhomo pakonzedwe potsetsereka pang'ono ndi njerwa ndi simenti, kuti wa ndodo kapena wa njinga ya olumala alowe yekha.

2. Wosamva bwino akhale kutsogolo kuti aziona milomo ya mlaliki. Achinyamata awiri kapena atatu aphunzire chinenero cha manja kuti azimasulira ulaliki.

3. Nambala za nyimbo ndi mau a m'Baibulo azinenedwa mokweza, osangolemba pabolodi, chifukwa alipo osaona ndi achialubino amene maso ao savutika pang'ono.

4. Akhristu azisinthana kukatenga mnzao wolephera kuyenda, monga anachitira anthu anai aja a pa Marko 2. Amene sangachoke pamphasa aziyenderedwa kunyumba.

Koma chachikulu koposa ndi ichi: wolumala asakhale munthu wongolandira sopo ndi ufa pa Khirisimasi. Iye ayenera kupatsidwa nchito monga mkhristu wina aliyense. Wakhungu angathe kutsogolera kwaya, ndi kuwerenga mau ngati anaphunzira zilembo za Braille zimene amawerenga ndi zala. Wopunduka miyendo angathe kukhala mlembi, msungichuma kapena mkulu wa mpingo. Pokonza za olumala, akulu ayambe afunsa eni akewo, pakuti ndiwo adziwa pamene pakuvuta.

Boma nalonso linaika lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalowa m'malo mwake. Kusala munthu chifukwa cha ulumali nkoletsedwa. Tsono amene ali wamphamvu lero akumbukire mau a akulu akale akuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Khomo limene mpingo ukonzera mnzao lero, mawa adzalowerapo ndi iwo omwe.