Mzikiti umayambira pa khoma loyang'ana ku Makkah

Komiti ya mzikiti ikandipeza kuti ndiijambulire pulani, nkhani imayambira kudenga. Akufuna domu, denga lozungulira lija, ndipo likhale lobiriwira. Akufuna mnara wautali kuposa wa anzawo a kutsidya, wokhala ndi mwezi ndi nyenyezi pansonga. Ine ndimamvetsera mpaka amalize, kenako ndimawapempha kuti tipite kumaloko tikaone kumene kibula, mbali yomwe oswali amayang'ana, yaloza. Ena amaona ngati ndikuzemba nkhani. Koma pa zonse atchulazo palibe ndi chimodzi chomwe chimene Chisilamu chimalamula, pamene chomwe aiwalacho tikachiphonya tidzagumula khoma lomangamanga.

Kwa amene sanalowepo mumzikiti, tiyambire poyambira. Chisilamu chili ndi nsanamira zisanu: kuikira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi yekha ndiponso kuti Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ndi mtumiki wake, kuswali kasanu pa tsiku, kupereka zakaati, kusala m'mwezi wa Ramadhan, ndi kupita ku Hajj ku Makkah kamodzi pa moyo kwa amene ali ndi mphamvu ndi chuma chake. Mwa zisanuzi, yomwe imapatsa mmisiri ntchito ndi swala. Woswali amaima, amawerama, amagunditsa mphumi pansi, amakhala, n'kudzukanso. Choncho pansi payenera kukhala poyera ndi popanda mabenchi. Pa pulani, munthu mmodzi timamuwerengera malo a masentimita pafupifupi 60 m'lifupi ndi 120 m'litali. Anthu amaima pamzere, phewa ndi phewa, ndipo mzere woyamba ndi umene aliyense amaulakalaka. N'chifukwa chake mizikiti yakale yambiri ndi yotambalala cham'mbali, kuti mzere woyambawo utenge anthu ochuluka, pamene matchalitchi ambiri ndi aatali kuchokera pakhomo kukafika kuguwa.

Mtumiki atasamuka ku Makkah kupita ku Madina m'chaka cha 622, mzikiti umene anamanga ndi omutsatira ake unali bwalo lotchingidwa ndi makoma a zidina. Mizati inali mathunthu a kanjedza, denga linali la masamba a kanjedza yemweyo, ndipo mvula ikagwa pansi pankachita matope. Panalibe domu, panalibe mnara. Poyamba ankaswali atayang'ana ku Jerusalem, ndipo patapita miyezi 16 kapena 17 anatembenukira ku Kaaba ya ku Makkah. Kuyambira pamenepo mzikiti uliwonse padziko lapansi uli ndi khoma limodzi lomwe limalamula makoma ena onse.

Kuno kwathu kibula ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa: madigiri pafupifupi 7 mukakhala ku Blantyre, pafupifupi 10 ku Lilongwe. Anthu ambiri amaganiza kuti Asilamu amayang'ana kum'mawa, koma zimenezo n'za omwe ali ku Morocco kapena ku Senegal. Wa ku Indonesia amayang'ana chakumadzulo, wa ku Turkey chakumwera. Kampasi ndi foni zimathandiza, koma pamalo omanga pamakhala zitsulo ndi malata zomwe zimasokoneza singano. Ine ndimakhulupirira dzuwa. Kawiri pa chaka, cha pa 28 May ndi pa 16 July, dzuwa limakhala paliwombo penipeni pa Kaaba. Kuno nthawi imakhala ili cha m'ma 11:18 m'mawa mu May ndi 11:27 mu July. Timasalaza pansi, timazika ndodo yowongoka ndi kuiyeza ndi pulamu, n'kudikira. Nthawiyo ikakwana timakhoma chikhomo kumapeto kwa chithunzithunzi cha ndodoyo. Chingwe chochokera pa chikhomo kudutsa patsinde pa ndodo chimaloza ku Makkah, ndipo khoma la kutsogolo timalidula mopingasa chingwecho. Chomwe chingatisokoneze ndi mitambo ya chiperoni basi.

Pakati pa khoma limenelo pamakhala kamphako kolowa m'kati kotchedwa mihirabu. Alendo amasuzumiramo poyembekezera kuonamo chopatulika, koma mulibe kanthu. Ntchito yake ndi kuuza aliyense wolowa kumene ayang'ane, komanso kubweza mawu a imamu kuti amveke kwa amene ali kumbuyo kwake, poti iye amaswalitsa atawafulatira. Kamphako kameneka nakonso kanabwera pambuyo pake, cha m'ma 707 mpaka 709, pamene mfumu al-Walid inamanganso mzikiti wa ku Madina. Kudzanja lamanja kwake kumakhala mimbari, timasitepe tomwe shehe amakwerapo polalikira Lachisanu. Ya Mtumiki inali ya masitepe ochepa chabe. Yakale kwambiri yomwe idakalipo ili ku Kairouan, m'dziko la Tunisia, yosemedwa pamtengo m'zaka za m'ma 800.

Za mnara ndifulumirepo. Bilal, muazini woyamba, yemwe makolo ake anali a ku Ethiopia, ankaitanira anthu ku swala ali padenga la nyumba yoyandikana ndi mzikiti. Nsanja zinabwera patapita mibadwo, ndipo dziko lililonse linamanga mwakemwake: ya ku Kairouan ndi yamakona anayi, ya ku Samarra ku Iraq ndi yozungulira yokhala ndi njira yokwera kunja kwake mpaka mamita 52, za ku Istanbul ndi zowonda zosongoka. Lero chimkuzamawu chinalanda ntchito ya mnara, ndipo chomwe chatsala ndi kudziwitsa wapaulendo kuti apa pali mzikiti.

Domu nayo si ya Asilamu okha. Aroma ankamanga kale, ndipo Hagia Sophia, tchalitchi chachikulu cha ku Constantinople, chinamalizidwa mu 537 Mtumiki asanabadwe. Domu yoyamba yotchuka ya Asilamu ndi ya pathanthwe ku Jerusalem, yomwe mfumu Abd al-Malik inamaliza cha mu 691, ndipo nyumbayo si mzikiti wa swala ya Lachisanu koma chikumbutso. Amene anaikwezetsa domu ndi amisiri a ufumu wa Ottoman, makamaka Sinan. Vuto lomwe ankalimbana nalo ndi limene tonse timalimbana nalo: mizati imadula mizere ya oswali ndi kutchinga imamu. Pa mzikiti wa Selimiye ku Edirne, womwe unatha cha mu 1575, anakhazika domu ya mamita 31 m'mimba mwake pa zipilala 8 zokankhidwira m'mbali, pakati ponse n'kutsala mbee. Abale athu amene ali ku Joni angathe kuona chifaniziro chake chocheperako ku Midrand, mzikiti wa Nizamiye womwe unatsegulidwa mu 2012. Koma mzikiti wa Faisal ku Islamabad, umodzi mwa ikuluikulu ku Asia, ulibe domu n'komwe. Wa ku Córdoba ku Spain, womwe unayambidwa cha mu 785, mphamvu yake ili m'mizati yoposa 850 yonyamula mauta a njerwa zofiira ndi miyala yoyera.

Wondisangalatsa koposa ndi wa ku Djenné, m'dziko la Mali. Womwe ulipo lerowu unamangidwa mu 1907, ndi zidina ndi dothi lokha. M'makoma ake mwatuluka timitengo ponseponse, ndipo woona chithunzi amati n'zokongoletsa. Ndi zopondapo. Chaka chilichonse mzinda wonse umasonkhana kudzamata makomawo ndi dothi latsopano, monga momwe amayi kumudzi amatsutsutira nyumba mvula ikatha, ndipo anyamata amakwera pa timitengo timeneti atanyamula dothi. Mmisiri amene anaganiza zimenezi anamangira m'khoma momwemo njira yolikonzera.

Tilowe m'kati. Mumzikiti simupezamo chithunzi cha munthu kapena cha nyama, ngakhale cha Mtumiki amene. Chifukwa chake ndi mantha akuti chithunzi chomwe chili kutsogolo kwa munthu wogwada, mawa chisanduka chopembedzedwa, monga zinalili ku Makkah kunali mafano. Komabe asakunamizeni kuti Asilamu sanajambulepo munthu. M'nyumba ya mafumu ya Qusayr Amra ku Jordan, ya zaka za m'ma 700, makoma ali ndi zithunzi za alenje, oimba ndi nyama. Ku Alhambra ku Granada kuli mikango 12 yosemedwa pamwala yonyamula kasupe wa madzi. Mabuku a ku Persia ndi a mafumu a Mughal ku India adzaza ndi anthu ojambulidwa mwaluso. Malire olimba anali pa mzikiti ndi pa Qur'an. Onani mzikiti waukulu wa ku Damascus, womwe unatha cha mu 715: makoma a pabwalo lake ali ndi mitsinje, mitengo ndi nyumba zopangidwa ndi timiyala tagolide ndi tobiriwira, koma m'midzi yonseyo mulibe munthu ndi mmodzi yemwe.

Luso lomwe likanapita ku nkhope za anthu linapita ku zomera zoyangayanga, ku mizere yolukana, ndipo koposa zonse ku zilembo. Kwa Msilamu, Qur'an ndi mawu a Mulungu omwe anatsika m'Chiarabu, motero wolemba bwino ankalemekezedwa kuposa wojambula wina aliyense. Chida chake ndi bango, longa lomwe limamera m'madambo athu. Amaliumitsa, amalisonga ndi mpeni wakuthwa, amaling'amba pang'ono pakati kuti inki iziyenda, kenako amadula nsonga yake mopendekera. Kadulidwe kameneka ndiko kamachititsa kuti mzere unenepe potsika ndi kuwonda pokhota, popanda wolemba kusintha mphamvu ya dzanja. Akagunditsa nsongayo papepala n'kukoka pang'ono, pamatuluka kadontho ka makona anayi. Ibn Muqla, nduna ya ku Baghdad yomwe inamwalira mu 940, anatenga kadontho kameneka kukhala muyeso wa zilembo zonse: alifu, chilembo choyamba chomwe chili kamzere koima, chikhale chotalika madontho akutiakuti, ndipo zilembo zina ziyezedwe ndi bwalo lomwe m'mimba mwake ndi alifu yemweyo. Ophunzira kalembedwe mpaka lero amayeza ntchito yawo poika timadontho m'mbali mwa chilembo, mphunzitsi n'kuwakonza ndi inki yofiira.

Ku Taj Mahal, komwe ambiri amati ndi mzikiti pamene ndi chiliza chomwe Shah Jahan anamangira mkazi wake Mumtaz Mahal kuyambira mu 1632, mlembi Amanat Khan anakulitsa pang'onopang'ono zilembo za pamwamba pa makomo, kuti woima pansi azione zofanana ndi za m'munsi. Mzikiti weniweni uli pambali, wa miyala yofiira, ndipo ojambula zithunzi ambiri amangoudutsa.

Mizere yolukana ija imaoneka ngati yofuna masamu a ku yunivesite, koma chiyambi chake ndi kampasi yojambulira ndi rula. Jambulani bwalo, muligawe magawo 8 ofanana. Lumikizani madontho modumphitsa limodzi, mupeza mabokosi awiri opingasana omwe apanga nyenyezi ya nsonga 8. Talikitsani mbali zake mpaka zikakumane ndi za nyenyezi yoyandikana nayo, ndipo pakati pawo pabadwa mawonekedwe ena omwe simunawajambule dala. Amisiri a matailosi ku Fez ku Morocco amasema tizidutswa timeneti ndi nyundo yakuthwa, amatiyala chafufumimba pansi, n'kuthira zomatira kumbuyo, ndipo amaona zomwe apanga pokhapokha akadzutsa chigawo chonsecho. Chojambulacho sichitha pachokha, chimangodulidwa ndi m'mphepete mwa khoma.

Chisilamu chinafika kwathu kuno kudzera kugombe la nyanja ya mchere, ndi amalonda a Chiswahili onga Jumbe Salim bin Abdallah amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, komanso mafumu a Chiyao onga Makanjira, m'nthawi ya malonda a minyanga ndi akapolo. Kugombeko kunali kamangidwe kakekake. Mzikiti waukulu wa ku Kilwa, mzinda womwe Ibn Battuta anauchezera mu 1331, unamangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu. Wa ku Kizimkazi pa Zanzibar uli ndi zilembo zosemedwa za chaka cha 1107. Yambiri mwa mizikiti ya kumeneko inali yaing'ono, ya makoma ochindikala, yozizira m'kati, yokhala ndi chitsime pambali, ndipo inalibe mnara. Ine ndimaona kuti imeneyo ndiyo ikanatiphunzitsa zambiri kuposa zithunzi za pakalendala za ku Dubai. Domu ya konkire youmbidwa mothamanga, pa makoma osayezedwa kulemera kwake, imang'aluka ndi kuyamba kudontha. Mazenera aang'ono pansi pa malata osatchingidwa, mu October ku Mangochi, amasandutsa swala ya masana kukhala chilango. Malo otawazira, omwe amagwira ntchito kasanu tsiku lililonse, amapatsidwa ndalama zotsala, madzi n'kumaima pakhomo pomwe anthu amavulira nsapato. Gawo la amayi nalo limakumbukiridwa denga litakhomedwa kale, n'kukhala kachipinda kopanda mphepo komwe mawu a imamu safika.

Vuto latsopano labwera ndi kompyuta. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo zambiri zimagwirana n'kusintha maonekedwe malinga ndi pomwe zili m'mawu. Mapulogalamu ena akalandira mawu a Chiarabu amamwaza zilembozo chimodzichimodzi ndi kuzitembenuza, ndipo wolemba zikwangwani yemwe sadziwa kuwerenga amakopera momwemo ndi penti ya mafuta. Ndinaonapo khoma la kibula lomwe anachita kulipala lonse patangotsala masiku kuti mzikiti utsegulidwe. Masiku ano pa pulani iliyonse ndimalembapo kuti pepala la zilembo liyambe lawerengedwa ndi shehe kapena mwalimu wa pamadrasa penti isanatsegulidwe, ndiponso kuti mawu a m'Qur'an asalembedwe m'munsi mwa khoma momwe anthu amatsamira, kapena kumbali ya zimbudzi.